Gulu la "Kwa Agogo pa Khirisimasi": za masewera a ana oponya nkhata

Lolemba madzulo

Mayi Aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Za mbuzi ndi mpunga tinamaliza dzulo, chatsala ndi ana. Ndawerenga, athu okha akwana 17, osaphatikizapo a m'makomo oyandikana amene abwere akamva fungo la nyama. Tikawasiya opanda chochita mukudziwa kale kumene alowere: a m'tauni pa foni, a kumudzi kudambo. Ndipo mu Disembala mtsinje uja sukhala wamasewera.

Mayi a Mapasa: Zoona achemwali. Mapasa anga akangoona anzawo akutsetsereka, nawonso ulendo.

Malume Aakulu: Mpira ulipo. Vuto n'chiyani?

Mayi Aakulu: Mpira ndi wa anyamata akuluakulu achimwene. Wa zaka zinayi amangogwetsedwa n'kuyamba kulira. Ine ndimaganiza za masewera oponya nkhata pa zikhomo. Kusukulu kwathu timachita pa tsiku lotsekera, ndipo mwana wa Sitandade 1 amatha kupambana wa Sitandade 8. Amaponya mmodzimmodzi, palibe kukankhana.

Malume a ku Joni: Zimenezo ndaziona m'mashopu kuno ku Johannesburg, zapulasitiki, zamitundumitundu. Ndingogula, ndibwera nazo pa basi. Musavutike.

Mayi Aakulu: Zikomo achimwene, koma zapulasitiki zija n'zopepuka. Mphepo ya ku Dedza mukuidziwa inu. Komanso ana 17 akazigwira sizifika pa Nyuwere.

Malume a ku Joni: Mwayamba kunyoza katundu wa ku Joni tsopano 😂 Chabwino, katundu wanga wachuluka kale, ku basi amayeza pa sikelo.

Alamu Akalipentala: Ndalowa mochedwa, netiweki kuno lero yavuta. Alamu, sungani ndalama zanuzo. Ndili ndi zidutswa za matabwa a paini zotsala pa chitseko chimene ndimakhoma sabata yatha. Ndi ntchito ya masana amodzi imeneyi.

Malume Aakulu: Ife tinakula ndi nsikwa. Kusema chidutswa cha chipanda, kuimika zitsononkho, basi tsiku latha. Ana a masiku ano mpaka akalipentala alowererepo?

Mayi a Mapasa: Nsikwa mukawaphunzitse inuyo achimwene, ngati mawondo akulolani kukhala pansi 😂

Malume Aakulu: Ndidzakuonetsani.

Lachiwiri m'mawa

Alamu Akalipentala: Mwadzuka bwanji akuluakulu. Ndagona ndikuganiza, ndiye ndifotokoze mmene ndikufuna kupangira, amene ali ndi maganizo ena anene ndisanadule thabwa.

Nditenga matabwa awiri otalika masentimita 60 lililonse, ndiwapingasa ngati mtanda. Pamene akumanirana ndisema theka la kuchindikala kwa thabwa lililonse kuti alowane n'kukhala fulati pansi, chifukwa mukangosanjika lina pamwamba pa linzake chimagwedezeka. Zikhomo zikhala zisanu, chimodzi pakati, zinayi kumapeto. Ndidula ndodo ya mopu, imodzi yokha itulutsa zikhomo zisanu za masentimita 20 n'kutsalako. Ndiboola mabowo, ndithira guluu, ndilowetsa zikhomo, kenako sikuluu kuchokera kunsi. Msomali ayi, chifukwa nkhata ikamamenya chikhomo tsiku lonse msomali umayamba kusukusa.

Anti a ku Leeds: Alamu, nsonga za zikhomozo zikhale zobulungira chonde. Ndatuluka kumene ku ntchito ya usiku, ndiye mundikhululukire ngati ndikulankhula ngati namwino pa gulu la banja, koma mwana akapunthwa n'kugwera pa chikhomo chosongoka, ngozi yake ndi diso.

Alamu Akalipentala: Ndizipala ndi sandipepa mpaka zikhale ngati mutu wa munsi. Musadandaule alamu.

Mayi Aakulu: Nanga osangokhoma zikhomo za nsungwi pansi? Nsungwi zili mbwee kuseri kwa khola.

Alamu Akalipentala: Ndinaganizako. Koma mvula ikabwera simungazule n'kuthawira nazo pakhonde, ndipo zikagona panja usiku wina adzapunthwa popita kuchimbudzi. Nsungwi ikadulidwa m'mphepete mwake mumacheka. Chamtandachi mwana mmodzi atha kuchinyamula, ndipo masewera akatha tichipachika kukhoma chiswe chisachipeze.

Malume a ku Joni: Bwanji osangotenga kireti ya mabotolo a Fanta? Pa masewera osonkhetsa ndalama kutchalitchi timachita choncho, ukakoleka botolo ndi lako.

Mayi a Mapasa: Inu munayamba mwakolekapo? Ine ndinataya ndalama zanga zonse za chopereka osapeza ngakhale limodzi.

Alamu Akalipentala: Pali chifukwa chake alamu. Mphete zimene amagwiritsa ntchito pamenepo zimakhala zolimba ndiponso zazing'ono, zongokwanira pakhosi pa botolo. Cholimba chikamenya galasi chimanjanja. Amachitira dala kuti opambana achepe, si ndalama akufuna? Ife tikufuna mwana azikoleka ndithu kuti asagwe ulesi, ndiye nkhata ikhale yofewa, yotakata, yolemerako pang'ono.

Anti a ku Leeds: Ndipo mabotolo agalasi pakati pa ana osavala nsapato, ine ayi.

Mayi Aakulu: Koma ganizo la mabotolo lisatayidwe lonse. Aang'ono kwambiri tiwapangire chawochawo: mabotolo apulasitiki a Sobo atatu, tithiremo mchenga kuti asagwe, aziponya ali pafupi. Apo ayi azisokoneza akuluakulu.

Mayi a Mapasa: Mabotolo ndili nawo anayi, nditsuka.

Lachiwiri madzulo

Mdzukulu wa Kumudzi: Ndawawerengera agogo zonse. Akuti ndilembe izi mmene anenera. Choyamba, pabwalo lakutsogolo ayi, pamenepo ndi poyanikira ufa dzuwa likaoneka, ndipo safuna fumbi. Chachiwiri, nkhata musagule, apota okha ndi makoko ouma a nthochi, akuti asenzera mitsuko pa nkhata zaka zambiri kuposa zimene malume aakulu akhala ndi moyo. Chachitatu, ndinawauza kuti amayi aakulu amati tizikongoletse, ndiye akuti musayerekeze kuikapo maluwa, anthu odutsa angaganize kuti pakhomo pano pagwa zovuta.

Malume a ku Joni: 😂😂 Amayi sasintha.

Mayi Aakulu: Auze kuti tamva, maluwa sitiikapo. Timangofuna mitundu iwiri kuti magulu azidziwa nkhata zawo.

Mdzukulu wa Kumudzi: Akuti mumange tinsanza ta chitenje, ena tofiira ena tobiriwira. Akutinso nawo adzaponya, muwasungire malo.

Malume Aakulu: Nanga malo? Pansi pa mango paja pali mthunzi wabwino.

Mdzukulu wa Kumudzi: Malume, mango ayamba kale kugwa, pansi pake ndi ntchentche ndi mavu okhaokha. Bola pakati pa nkhokwe ndi kitchini, ndi posalala ndipo madzi sadikha. Ndidzasesa.

Anti a ku Leeds: Oponya afulatire kitchini, asaponyere kumoto.

Lachinayi

Alamu Akalipentala: Chamtanda chatha, ndatumiza chithunzi. Penti ndipaka mawa. Lero ndayesa nkhata ndi ana a pano ndipo ndinene zimene ndaona.

Apongozi anapota zitatu za nthochi, zokongola kwambiri, zozungulira bwino kuposa zimene ndikanapanga ine. Koma zikauma gwaa zimapepuka, kamphepo kakangowomba zimapatuka. Mwana wina anaviika imodzi m'ndowa mosewera, ndiye yonyowayo ndi imene yakhala ikukoleka bwino. Vuto n'lakuti pofika masana inayamba kumasuka, ulusi uli lendelende. Ndinayesanso ya waya wokutira ndi malegeni. Imeneyo imauluka mowongoka koma ikaphonya imagudubuzika mpaka kumunda, ndipo itamumenya mwana pa msongolo analira. Ndaichotsa.

Yapambana ndi ya chingwe cha khonje chimene ndinadula ku chingwe cha mbuzi. Ikagwa imangoti phwa pomwepo, sinjanja.

Malume Aakulu: Mbuzi yake iti? Musandiuze kuti ndi ya Khirisimasi.

Alamu Akalipentala: Yomweyo alamu, koma ndangodulako mkono umodzi, ikadali pa chikhomo 😂

Mayi a Mapasa: Ndiye tigule chingwe chochuluka bwanji? Ndikupita m'tauni Loweruka, ndidutsa ku hadiweya.

Alamu Akalipentala: Chonenepa ngati chala chachikulu. Nkhata imodzi imadya masentimita 50, ndipo ikapindidwa imatakata pafupifupi masentimita 16, chikhatho cha munthu wamkulu chimalowa bwinobwino. Tikufuna 12, gulu lililonse zisanu ndi imodzi, ndiye ndi mamita 6. Gulani 7, wina amalakwitsa podula.

Mayi a Mapasa: Akakhala alibe cha khonje?

Alamu Akalipentala: Cha nayiloni chichita, bola chikhale chonenepa. Chimenecho nsonga zake timawaula ndi moto kuti zisamasuke. Cha khonje sitiwotcha, timakulunga nsonga ndi ulusi tisanadule. Polumikiza ndili ndi kapayipi kakale kothirira dimba, ndidula tizidutswa ta masentimita 6, nsonga ziwiri za chingwe zikumana m'kati mwake, pamwamba ndikulunga malegeni. Polumikizirapo pamalemerako pang'ono, ndiye mwana amapeza pogwira.

Mdzukulu wa Kumudzi: Agogo amva zoti nkhata zawo zagonja ndipo sanasangalale. Akuti akalipentala sanawauze kuti ndi zoponya pamphepo, akanapota zonenepa.

Mayi Aakulu: Alamu mwaputa mavu 😂 Auze kuti zawozo ndi za aang'ono a pa mabotolo a Sobo. Iwo amaponya ali pafupi, mphepo siwakhudza, ndipo zofewa choncho ngakhale ataponyerana kumaso palibe ngozi. Apote zisanu ndi imodzi.

Mdzukulu wa Kumudzi: Akuti apota khumi.

Lachisanu

Mayi Aakulu: Tigwirizane malamulo lero, kuti tsikulo pasadzakhale milandu. Ine ndikuti chikhomo chapafupi mapointi 5, ziwiri za m'mbali 10, chapakati 15, chakutali 20. Alamu alembe manambala ndi penti pathabwa. Aliyense aponya nkhata zitatu, kenako wa gulu lina. Gulu loyamba kufika 100 lapambana.

Malume a ku Joni: Chapakati ndiye chizikhala ndi mapointi ambiri. Kulikonse zimatero.

Alamu Akalipentala: Ana a pano ayesa alamu. Aliyense amaloza chapakati, ndipo nkhata ikaperewera imagwera chapafupi. Chakutali chimavuta chifukwa ukapyoza pang'ono palibe chokugwirira. Achemwali anu alondola.

Malume a ku Joni: Ndagonja. Koma 100 sitifika mpaka nsima itazizira.

Mayi Aakulu: Tiyambe ndi 50, tikaona kuti akufulumira tikweza. Mizere ikhale itatu: osakwana zaka 7 aime mita imodzi ndi theka, a pulayimale mamita awiri ndi theka, akuluakulu mamita anayi. Tilemba ndi phulusa.

Mdzukulu wa Kumudzi: Phulusa likangovumbwa latha amayi aakulu. Ndigoneka nsungwi zitatu pansi, wopondapo waluza.

Anti a ku Leeds: Lamulo langa ndi limodzi. Palibe kutola nkhata mpaka woponya atamaliza zonse zitatu, ndipo otola akhale mmodzi. Ana amathamangira kutola mnzawo akuponya.

Malume Aakulu: Langanso ndi limodzi, ndipo ndikunena kwa akuluakulu, makamaka ochokera ku Joni. Pasakhale kubetcherana ndalama. Izi zimayamba ngati nthabwala, K500, K500, madzulo anthu osalankhulana. Pakhomo pa amayi njuga ayi.

Malume a ku Joni: Mwanditchuliranji ine achimwene 😂 Chabwino. Koma mphatso za ana zikhalepo.

Mayi Aakulu: Zikhalepo, koma osati wopambana atenge zonse. Sukulu akutsegulira mu Januwale, ndiye makope ndi mapensulo kwa aliyense amene waponya, gulu lopambana tiwonjezere maswiti. Ndipo magulu ndigawa ine. Sindikufuna a m'tauni mbali ino, a kumudzi mbali iyo, monga zinakhalira pa mpira chaka chatha. Gulu lililonse likhale losakaniza, ndi a m'makomo oyandikana omwe.

Mayi a Mapasa: Mapasa muwasiyanitse, akakhala gulu limodzi amabera.

Malume Aakulu: Za ndalama. Khomo lililonse K5,000 kwa mayi a mapasa pa Airtel Money kapena Mpamba pofika mawa m'mawa, kuti agule chingwe, makope ndi maswiti. Yotsala ipite kwa akalipentala pa penti ndi guluu.

Alamu Akalipentala: Ine musandiwerengere alamu, ana anga nawonso aseweretsa.

Malume Aakulu: Ntchito mwapereka, tathokoza. Koma penti munagula ndi ndalama. Mulandira.

Malume a ku Joni: Yanga ndatumiza pa Mukuru, ndawonjezera ya achemwali a ku Leeds, tidzawerengerana. Mapensulo musagule, ndili nawo bokosi lonse.

Anti a ku Leeds: Zikomo achimwene. Ine chaka chino tchuthi andimana, ndiye wina adzandijambulire kavidiyo amayi akuponya. Adzaime pa mzere wa ana.

Mdzukulu wa Kumudzi: Akuti adzaima pa mzere wa akuluakulu, ndipo malume aakulu akonzeke.

Loweruka masana

Mayi a Mapasa: Chingwe cha khonje ndapeza, mamita 7. Makope 30, maswiti mapaketi awiri. Makomo awiri sanatumizebe, sinditchula maina, akudzidziwa. Alamu, chingwe ndapatsira mnansi wathu amene akupita ku Ntcheu pa minibasi, atsika nacho pa Dedza boma cha m'ma 3 koloko. Mukhale pa siteji.

Alamu Akalipentala: Ndanyamuka kale pa njinga. Penti yauma, koma nambala 15 ndalemba mopendekeka, musadzaseke.

Malume Aakulu: Limodzi mwa makomo awiriwo ndi langa. Ndikutumiza pano.