Zowonjezera pa funso la Thyolo alethe

Funso lija linali lakuti kambalame ka Thyolo alethe kali m'banja liti, ndipo kamakhala kuti. Mabuku akale amakaika m'banja la Turdidae, mu mtundu wa Alethe. Kafukufuku wa DNA anasintha zimenezo. Tsopano kali m'banja la Muscicapidae, dzina lake ndi Chamaetylas choloensis. Mukapeza dzina la Pseudalethe choloensis, ndi mbalame yomweyo, katswiri wa mbalame W. L. Sclater anailongosola mu 1927.

Kamakhala m'nkhalango zowirira za m'mapiri, zosayoyola masamba, kumwera kwa Malawi monga ku Mulanje ndi Thyolo, komanso pa mapiri a Namuli, Mabu ndi Chiperone ku Mozambique. Musakafune m'mwamba mwa mitengo. Kamadya pansi, kamatsatira linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa. Mukapeza mzere wa linthumbu, imani chapatali mudikire.

Ambiri amakasokoneza ndi mbalame ina yotchedwa Chamaetylas fuelleborni ya kumpoto kwa Malawi, ku Nyika ndi Misuku. Yang'anani mchira: ka ku Thyolo nthenga zam'mbali n'zoyera kunsonga.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhalango ya pa phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse, ndipo kambalameka sikangakhale m'minda kapena m'mabulugamu.