Amuna anga anamwalira osalemba wilo, ndiyambire pati?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Bambo a kunyumba anatisiya mwezi wa Febuluwale, ndipo ndatsala ndi ana atatu. Nyumba yathu ya ku Area 25 tinamanga limodzi, malata ake ndinagula ine ndi ndalama za kaunjika. Lero alamu anga akuti nyumbayo ndi ya kubanja kwawo, ndipo Loweruka anabwera n'kutenga mapepala a puloti m'sutikesi mwana wamng'ono akuona.

Ndamva kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana, komanso kuti kulanda chuma chotere ndi mlandu. Chikundisowetsa tulo n'chakuti ukwati wathu unali wa ankhoswe, setifiketi tilibe. Kodi lamulo la maukwati la 2015 limandiwerengera ngati mkazi wawo? Nanga kalata yoyendetsera chumachi ndikaiyambire kukhoti kapena kwa Administrator General, mkulu wa ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye?

Kuntchito kwawo nakonso, za penshoni akungoti mubwere mawa. Ndalama ya loya ndilibe. Amene munathandizidwapo ku Legal Aid Bureau kuno ku Lilongwe, ndinyamule mapepala ati popita kumeneko?