Camellia wanga akuyoyola maluwa asanamasule, ndalakwitsa pati?

Wofunsa:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadzalapo camellia wamfupi uja, wochita maluwa kutentha kukamatha, kuzizira kukamayamba. Wanga ndi Shishi Gashira, wa maluwa apinki. Ndinamusankha chifukwa malo anga ndi ochepa, ndipo iyeyu satalika kwambiri, amalekera cha pa mita imodzi kapena imodzi ndi theka n'kumangotambalala m'mbali. Ndinamudzala zaka ziwiri zapitazo pafupi ndi khoma la nyumba, mbali imene dzuwa limawomba m'mawa.

Chaka chatha anachita maluwa ochepa koma okongola zedi. Chaka chino timibulu ta maluwa tinatuluka tambirimbiri, ndinkachita kuwerenga m'mawa uliwonse, koma tsopano tikungoyoyoka tisanamasule. Masamba anthete nawo akutuluka achikasu, mitsempha yokha ndiyo yobiriwira.

Ndinene zonse zimene ndinachita kuti mundiweruze bwino. Dzenje ndinakumba lakuya, n'kukwirira tsinde ndithu poopa mphepo. Ndimathirako phulusa chifukwa limandithandiza pa mbewu zina. Madzi ndi a pampopi. Nthawi yotentha ndinachokapo milungu itatu, panalibe wothirira. Kodi ndimuzule ndikamudzale pena? Mtengowu ndinadzala pokumbukira malemu mayi anga, ndiye kuuona ukufooka chonchi mtima ukundiwawa.

Bambo wina wolima maluwa:
Pepani mayi. Phulusalo lekani lero lomwe. Camellia ndi m'bale wake wa tiyi, onse ndi a banja limodzi, ndipo amafuna dothi la asidi, pH ya pakati pa 5.5 ndi 6.5 (pH ndi muyeso wa asidi m'dothi, ikakwera ndiye kuti asidi wachepa). Phulusa limapha asidi m'dothi monga amachitira laimu. Khoma nalonso ndikulikayikira, chifukwa zotsalira za simenti zimene amisiri amasiya m'munsi mwa khoma zimachita chimodzimodzi. Asidi akachepa, mizu imalephera kutenga ayironi ngakhale ali m'dothimo, n'chifukwa chake masamba anthete akuchita chikasu mitsempha n'kutsala yobiriwira. Musanathire kalikonse yezani kaye dothilo. pH ikapezeka yokwera, salufa amaitsitsa, koma pang'onopang'ono, zimatenga miyezi. Madzi amvula ngati mungasunge, ndiwo abwino, chifukwa a pampopi m'malo ambiri amakhala ndi laimu.

Mayi wina:
Zaphulusazo ndikuvomereza, koma kuyoyoka kwa maluwa ine ndikuloza milungu itatu ija. Timibulu timeneti sitipangika lero ayi, timayamba nyengo yotentha, miyezi ingapo maluwa asanaoneke. Mtengo ukamva ludzu nthawi imeneyo sudandaula pomwepo, umadzataya maluwa pambuyo pake, mwini wake ataiwala kale. Zinandichitikirapo ndi camellia wanga wa Yuletide, wa maluwa ofiira pakati pachikasu uja. Ndinkafufuza matenda, pamene vuto linali madzi basi. Mizu ya camellia imayenda pamwamba penipeni, sichedwa kuuma. Phimbirani pansi ndi masamba a paini kapena makungwa ophwanya, kuchindikala kwake masentimita 5 mpaka 8, koma zisakhudze tsinde.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Zoti ludzu la kale lingaoneke lero sindinaziganizepo n'komwe. Nanga zozulazo?

Bambo uja:
Ine ndikanazula, mayi. Kudzala mozama ndi kumene kumapha camellia ambiri, ndipo amafa mwakachetechete, chaka ndi chaka akungobwerera m'mbuyo. Pamwamba pa dothi limene anabwera nalo m'thumba payenera kufanana ndi nthaka, kapena kutumphukako pang'ono. Wa zaka ziwiri akadali mwana, asamuka bwinobwino.

Mayi uja:
Achimwene, pamenepo tisiyane pang'ono. Mtengo wofooka kale, uli ndi maluwa, kuuzula lero n'kuwonjezera bala pa bala. Asisi, yambani mwafukula ndi zala mozungulira tsinde mpaka muone pamene mizu yoyamba yayambira. Ngati munakwirira masentimita ochepa chabe, chotsani dothi lapamwambalo, nkhani yatha. Ngati ndi mozama kwenikweni, dikirani maluwa athe, mudzamusunthe kukadali kozizira mphukira zatsopano zisanatuluke, mizu ili ndi dothi lake. Mbali ya dzuwa la m'mawa munasankha bwino, mukamasuntha musaitaye. Mtundu wa camellia wanuyu, wotchedwa sasanqua, kwawo ndi kumwera kwa Japan, umapirira dzuwa kuposa mtundu wina wotchedwa japonica, wa masamba aakulu, komabe lamasana likamaswa mtengo umafuna kamthunzi.

Mnyamata wina:
Tembenuzaninso masambawo muone kunsi kwake. Mukapeza tinthu toyera ngati thonje tomatirira, ndi tizilombo toyamwa madzi a mtengo, ndipo pamwamba pa tsamba pamachita madontho achikasu. Ndipo musadulire pano. Nthawi yake ndi maluwa akangotha, mukachedwa mumadula maluwa a chaka chamawa.

Wofunsa:
Ndangochokera kumeneko, manja ali dothi lokhalokha. Kunsi kwa masamba kulibe kanthu, ndayang'ana nthambi iliyonse. Koma tsinde ndinalikwirira ndithu, mizu yoyamba ndaipeza pa masentimita ngati 10, ndipo pofukula ndatulutsa zibuma ziwiri za simenti. Phulusa lapamwamba ndapala lonse. Ndiye ndidikira maluwa athe monga mwanenera asisi, kenako ndimusuntha monga anenera bambo. Funso latsala limodzi: podikira pamenepa, ndithire feteleza wa mbewu zokonda asidi kuti apezeko mphamvu, kapena ndingomuthirira madzi basi?

Mayi uja:
Madzi okha, asisi, dothi lizikhala lachinyontho koma osati matope. Feteleza mudzathire pang'ono mphukira zikayamba, atakhazikika pamalo atsopanowo. Maluwa amene atsalewo akamasula mudzatijambulire, tiwaone nafenso.