Fani ya m'galimoto ikungogwira pa 4 pokha, ndigule mota ina?

Mayi wa ku Area 25:
Moni nonse, ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi Toyota Vitz ya 2008, ya AC yochita kupotokola ndi dzanja. Kuyambira sabata yatha fani ikakhala pa 1, 2 kapena 3 imangoti zii, koma ndikaika pa 4 imawomba mwamphamvu ngati kale. Dzulo mvula inandipeza pa M1 ndikukasiya ana kusukulu, galasi lakutsogolo linadzaza nthunzi moti ndinkapukuta ndi chitenje uku ndikuyendetsa. Mtima unali m'mwamba. Pa 4 wamng'onoyu amalira ndi phokoso komanso kuzizira. Kugalaja andiuza kuti mota ya fani yatha, ndigule ina. Kodi n'zoona? Mwezi uno ndi wa fizi, ndalama sindikufuna kuitaya pachabe.

Wokonza zamagetsi a galimoto ku Biwi:
Mayi, musathamangire kugula mota. Mota yakufa siingazungulire pa 4. Chomwe chapsa ndi resistor, kachipangizo komwe kamachepetsa magetsi opita ku mota kuti fani iziyenda pang'onopang'ono pa 1, 2 ndi 3. Pa 4 magetsi sadutsamo, amapita molunjika ku mota, n'chifukwa chake pamenepo pokha ndi pomwe pakugwira. Ikadakhala chete paliponse bwenzi tikuyamba kukayikira fyuzi, relay kapena motayo.

Kachipangizoka kali kumanzere, mbali ya pasenja, pansi pa dashibodi kuseri kwa kabokosi koikamo mapepala kaja, pafupi ndi mota yomweyo. Zimitsani galimoto, masulani waya wa negetivu pa batire ndi sipanala ya 10, chotsani kabokosiko. Muona pulagi ya mawaya yolowa pa kanthu komangidwa ndi ma screw awiri. Pulagiyo dinani kaye kaloko kake, musakoke mawaya. Muyang'anenso m'kati mwake: ngati pulasitiki yasungunuka kapena tizitsulo tada, nayo isinthidwe, apo ayi resistor yatsopano siikhalitsa. Ndipo musayese fani nthawi yaitali kali panja kakulendewera. Kamatentha kwambiri, kamadalira mphepo ya fani yomweyo kuti kazizire.

Pokagula ku Malangalanga nyamulani kakaleko m'manja mufananitse mano a pulagi. Galimoto za AC ya AUTO zili ndi kamtundu kena, sikalowa pa yanuyo.

Dalaivala wa takisi ku Kawale:
Zonse anena akuluwa n'zoona, koma ine ndiwonjezere zomwe zinandionekera. Ndinasintha resistor kawiri m'miyezi itatu, konse kukupsa. Kachitatu ndinati ayi, nditsitse mota ndione. Zomwe ndinapeza m'chigudumu cha fani: masamba ouma a mango, fumbi louma gwa, ndi tizidutswa ta siponji tomwe khoswe anakokeramo. Fyuluta yosefa mphepo yolowa m'galimoto nayo inali bii, mphepo siinkadutsa n'komwe. Ndiye mota inkakoka magetsi ambiri pofuna kuzungulira, resistor n'kumasowanso mphepo yoiziziritsa. Ine ndimaimika galimoto pansi pa mtengo tsiku lonse podikira makasitomala, masamba amagwera pa mabowo a pansi pa mawaipa aja, ndiye amalowera mommo.

Choncho mlongo wanga, mukatsegula, solorani fyuluta muione, kenako zunguzani fani ndi chala. Ikamazungulira mofewa popanda kukhuza, mota ili bwino. Ikamalimba kapena kulira kuti kwii, apo ndiye akugalaja aja sanalakwitse kwenikweni. Wina akakuuzani kuti angolumikiza ndi waya pamene papsapo, mukane. Kafyuzi kam'kati mwa resistor kamaduka dala kutentha kukapyola muyeso, kukachotsa n'kuitana moto m'dashibodi muli ana m'galimoto.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri achimwene nonse awiri. Loweruka tinatsegula ndi mchimwene wanga pakhomo pompano. Resistor inali itachita dzimbiri, mbali ina yapserera, koma pulagi ili bwinobwino. Fyuluta sindinadziwe n'komwe kuti ilipo, titaisolola panagwa fumbi lofiira lodzaza chikhatho pa kapeti. Tasintha ziwirizo, mota tangoipukuta, ikuzungulira mofewa. Lero m'mawa kunali mvula yowaza, ndinaika pa 2 ndi AC, galasi linayera ndisanafike pa Kanengo.