Minga ya nungu ndi gule wa agogo a mtundu wa Lakota

Nachisale: Ndaona chithunzi cha agogo ena a mtundu wa Lakota a ku Pine Ridge, m'chigawo cha South Dakota ku America, atavala nsapato zachikopa zokongoletsedwa ndi minga ya nungu. Kodi minga yolimba chonchija amaisoka bwanji?

Mbewe: Nungu ya kumeneko ili ndi minga yaifupi ndi yopyapyala, yosiyana ndi ya kwathu kuno. Akaidaya, amaifewetsa m'kamwa, amaiphwatalitsa ndi mano, kenaka amaisokera pachikopa ndi ulusi wa mitsempha ya nyama. Lusoli ndi lakale kuposa mikanda yagalasi, imene inabwera ndi amalonda a ku Ulaya.

Nangozo: Pa powwow, chomwe ndi chikondwerero cha magule ndi nyimbo cha eni nthaka a ku America, amayi achikulire otere savina modumpha. Amapinda mawondo pang'onopang'ono motsatira ng'oma, ndipo ikagunda mwamphamvu amakweza chokupizira cha nthenga za chiwombankhanga.