Lamba wa galimoto akuperewera pa mpando wa khanda, ndichite bwanji?

Amayi anzanga ndi abambo, ndigawireniko nzeru. Mwana wanga ali ndi miyezi 2, ndipo Loweruka tikunyamuka ku Lusaka kuno kupita ku Chipata kuti agogo ake akamuone. Ndinagula mpando wa khanda ku Kamwala, uja woyang'ana kumbuyo, koma lamba wa Vitz yathu wandikanika. Mbali ya m'chiuno ikulowa bwinobwino m'timipata take, koma ya paphewa, yoti izungulire kuseri kwa mpandowo, ikuperewera ngati zala zinayi basi. Bambo a mwana ayesa mpaka thukuta kamukamu, osatheka.

Galimotoyi ilibe ISOFIX, tizitsulo tija tokolekapo mpando wa khanda popanda lamba. Kutsogolo lamba akukwana, koma kuli airbag, chithumba cha mpweya chija chofufuma mwamphamvu pa ngozi, ndiye sindingayerekeze n'komwe. Makaniko wina akuti tigule chowonjezera lamba, ine mtima sukundilola, chifukwa buku la mpandowo silikutchula zimenezo.

Apongozi akuti ndingomufukata pamiyendo ngati kale. Makilomita opitirira 500 pa Great East Road, ndi zitunda za ku Luangwa zija? Ayi ndithu.

Alipo amene zinamuchitikirapo? Kodi pali kamangidwe kena, kapena ndingosintha mpando? Ngati n'kusintha, ndi mtundu uti umene umakwana mu Vitz?