Mwana wanga sakugona chifukwa cha mavidiyo a kutha kwa dziko, ndimuthandize bwanji?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ikukhudza mwana wanga ndi alamu anga, ndipo achibale ena ali pagulu pompano.

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 14. Chichitikireni kadamsana wa mwezi usiku wa pa 7 Sepitembala 2025, mwanayu sali bwino. Usiku umenewo tinatuluka panja banja lonse kukaona. Mwezi unayamba kudyeka mbali imodzi, kenako unafiira ngati khala lotsala pang'ono kuzima, ndipo unakhala choncho kupitirira ola lathunthu. Ine ndinkangosilira ntchito ya Mlengi. Pocheuka ndinapeza mwana wandigwira mkono zolimba, thupi likunjenjemera, akunong'ona pemphero lolapa machimo.

Ndinadzamva mochedwa kuti azakhali ake akhala akumutumizira mavidiyo pa WhatsApp. Mavidiyowo amatenga Yoweli 2:31, pamene pakunena za mwezi kusanduka magazi, n'kuphatikiza ndi chivomezi cha ku Turkey ndi Syria cha mu 2023 chomwe chinapha anthu oposa 50,000, nkhondo ya ku Ukraine, ya ku Gaza, zonse mtolo umodzi. Ina inali ya mlaliki wa ku South Africa amene ankati mkwatulo uchitika pa 23 kapena 24 Sepitembala. Masikuwo anadutsa koma mantha ake alipobe. Akuti mwina mlalikiyo anangophonya kawerengedwe.

Mabuku wasiya kuwerenga, akuti mayeso ndi a chiyani pamene Yesu ali pakhomo. Chimene chandiswa mtima n'chakuti pakati pa usiku amabwera kudzatsegula chitseko cha kuchipinda kwathu pang'onopang'ono, n'kusuzumira. Nditamufunsa anati amafuna aone ngati tilipo, kuopa kuti takwatulidwa iye n'kutsala yekha.

Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti Ambuye adzabweranso kudzaweruza amoyo ndi akufa. Ndiye sindikufuna kungomuuza kuti zonsezi n'zabodza, angadzataye ndi choonadi chomwe. Ndimuuze chiyani? Nanga alamu angawo ndiwalankhule bwanji popanda kuyambitsa mpungwepungwe m'banja? Iwo amachita izi ndi mtima woti akupulumutsa mwana.

Mkulu wa mpingo: Mayi, pepani ndi zimenezi. Khalani naye pansi muwerenge Mateyu 24 yonse, osati vesi limodzi lodulidwa. Pa vesi 6 Yesu akutchula nkhondo ndi mbiri za nkhondo, koma akupitiriza kunena kuti tisadere nkhawa, chimaliziro sichinafike. Zivomezi akuzitcha chiyambi chabe cha zowawa. Pa vesi 36 akunena kuti tsiku ndi ola palibe akulidziwa, ngakhale angelo, koma Atate yekha. Ndiye munthu akatchula deti, watsutsana ndi mwini wake wa tsikulo. Mumuuzenso kuti zotchula madeti sizinayambe lero. Otsatira a mlaliki William Miller ku America anadikira kubweranso kwa Yesu pa 22 Okutobala 1844, ena atasiya minda yawo osakolola. Mlaliki wina wa ku America komweko, Harold Camping, anatchula 21 Meyi 2011, anthu ena anawononga chuma chawo polengeza uthengawo, ndipo iye mwini anadzavomera kuti analakwa. Ambiri mwa anthu amenewa anali oona mtima ngati alamu anuwo, komabe anaphonya. Ndiwonjezere kuti mawu a Yoweli aja, Petro anawatchula pa tsiku la Pentekoste mu Machitidwe 2, kuonetsa kuti masiku otsiriza anayamba kalekale nthawi ya atumwi. Mpingo wakhala m'masiku amenewa zaka pafupifupi 2,000, ukubatiza, ukumangitsa maukwati, ukuphunzitsa ana.

Mphunzitsi wa sayansi, Mkhristu mnzanu: Achemwali, mwanayo muonetseni ndi maso. Zimitsani magetsi, tengani tochi, mpira waukulu ndi kampira kakang'ono. Tochi ndi dzuwa, mpira waukulu ndi dziko, kakang'ono ndi mwezi. Mukaziika pa mzere umodzi, dziko lili pakati, mthunzi wake umagwera pa mwezi. Kadamsana ndi ameneyo. Kufiirako kumabwera chifukwa kuwala kwa dzuwa kumadutsa mu mpweya wozungulira dziko, mtundu wabuluu umamwazikana, wofiira n'kupindika kukafika pa mwezi. N'chimodzimodzi ndi kufiira kwa kumwamba dzuwa likamalowa. Anthu a ku Babulo wakale ankadziwa kale kuti kadamsana amabwereza pakatha zaka 18 ndi masiku pafupifupi 11, ndipo lero akatswiri amatchuliratu tsiku ndi mphindi zaka zambiri zisanafike. Mu 2014 ndi 2015 mwezi unafiira kanayi motsatizana, alaliki ena anachititsa anthu mantha chimodzimodzi. Kwa ine dongosolo limeneli ndi umboni wa Mulungu wa pa Genesis 1:14, amene anaika zounikira kuti zizisonyeza nyengo, masiku ndi zaka. Muwerengereninso Yeremiya 10:2, pamene Mulungu akuletsa anthu ake kuchita mantha ndi zizindikiro za kumwamba monga amachitira amitundu.

Mbale wina: Ine ndikusiyana nanu pang'ono. Tisamugoneke tulo mwanayo. Dziko laipa, zizindikiro zikuoneka, ndipo 2 Petro 3 ikutichenjeza za onyoza amene adzafunsa kuti lonjezo la kubwera kwake lili kuti. Bola mwana woopa Mulungu kusiyana ndi wotayirira. Azakhali akewo musawadzudzule kwambiri, ana ambiri lero alibe wowauza za chiweruzo.

Agogo a zidzukulu zisanu ndi ziwiri: Achimwene, zoti tikhale maso ndikugwirizana nanu. Koma mwana amene akudzuka usiku kukasuzumira ngati makolo ake alipo sakuopa Mulungu, akuopa kusiyidwa. Ine ndinakula ndi mantha omwewo, ndinkalapa tchimo limodzi kakhumi pa tsiku, ndipo zinanditengera zaka kuti ndimve kuti Mulungu amandikonda. Mayi a mwana, funso lenileni limene lili mumtima mwake si la mwezi ayi. Akudzifunsa ngati Yesu amulandira. Yankhani limenelo. Mukumbutseni Yohane 10, kuti nkhosa zake palibe angazikwatule m'dzanja lake, ndi 1 Atesalonika 4, pamene Paulo atafotokoza za kubwera kwa Ambuye akumaliza ndi kuti tizitonthozana ndi mawu amenewa. Za sukuluzo, ku Tesalonika komweko kunali ena amene anasiya ntchito, Paulo sanawayamikire, anawalamula kuti agwire ntchito mwabata.

Namwino: Ndingowonjezera apa. Ngati kusagonako kwatha milungu ingapo, kapena wayamba kukana chakudya, kuonda, kudzipatula, pitani naye kwa dokotala kapena mlangizi wa za maganizo. Kutero sikuchepetsa pemphero. Ndipo foni isamalowe kuchipinda usiku, chifukwa ukaonera vidiyo imodzi yotere pa TikTok kapena YouTube, amakubweretsera zina zofanana nazo mosalekeza.

Mayi wapabanja zaka 22: Nkhani ya alamu musaiyambe nokha, ndiponso osati pagulu la banja la pa WhatsApp. Amuna anu ndi amene alankhule ndi mlongo wawo, pamaso m'pamaso. Ayambe ndi kuthokoza kuti amamukonda mwanayo, kenako awauze za chitseko chija. Munthu wa mtima wabwino akamva zimenezo asiya yekha.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndawerenga misozi ili m'maso. Dzulo tinachita za tochi zija, anaseka koyamba patapita nthawi, mpaka anaitana mng'ono wake kuti amuonetse. Titawerenga Yohane 10 anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, "Amayi, nanga Yesu akabwera ine nditakwiya kapena nditangonama, osalapa, ndiye kuti ndatsala?" Ndinamukumbatira n'kumuuza kuti tikambirana lero madzulo, chifukwa sindinafune kumuyankha mothamanga. Usiku anabwerabe pachitseko, koma kamodzi kokha. Bambo ake akuti akaonana ndi mlongo wawo Loweruka. Akulu a mpingo ndi agogo, funso lakelo ndiliyankhe ndi mawu otani oti mwana wa zaka 14 amve? Akuweruka kusukulu 4 koloko.